Poker ya pa tebulo kapena ya pa foni, kwa ife a ku Kasungu yothandiza ndi iti?

Loweruka lapitali mnyamata wina amene walowa gulu lathu posachedwapa anandifunsa kuti achimwene, ndiike mtima pati, pa tebulo pano kapena pa foni? Ndinangomuyankha kuti tidzakambirana chifukwa makadi anali atayamba kugawidwa, koma funso lija landikhala m'mutu sabata yonse, nde ndati ndilembe zonse kuti ena amene ali ndi funso lomweli amve nawo. Ine ndasewera konse. Pa tebulo timakumana pa boma pano kawiri pa mwezi, anthu 16 mwina 18, matebulo awiri, ndipo ya pa intaneti ndakhala nayo zaka zingapo usiku ana akagona.

Malamulo ndi amodzi, Texas Hold'em yomweyo, makadi awiri m'manja, asanu pakati, atatu oyamba amatchedwa flop, lachinayi turn, lachisanu river. Koma musanamizidwe kuti ndi masewera amodzi ayi.

Chinthu chachikulu chimene anthu sachiwerengera ndi kuchuluka kwa manja amene umasewera (dzanja limodzi ndi ulendo umodzi wogawa makadi mpaka wopambana atapezeka). Pa tebulo, pamene munthu akusakaniza makadi ndi manja, wina akuwerenga machipi (tizidutswa tija tobetchera m'malo mwa ndalama), wina wapita kukayankha foni, pa ola limodzi mumasewera manja 25 kapena 30 basi. Pa intaneti tebulo limodzi limakupatsa 60 mpaka kupitirira apo, ndiye ukatsegula matebulo anayi wadutsa manja 200 pa ola. Tsono taganizani, ma ace awiri m'manja amabwera kamodzi pa manja 221. Ndiye kuti Loweruka lonse, maola asanu, manja ngati 150, ukhoza kuweruka osawaona n'komwe, pamene pa foni umawaona usiku uliwonse ndipo umaonanso akudyedwa. Apa mpamene pali sukulu yeniyeni. Ma ace akakumana ndi ma king awiri amapambana ka 82 pa 100, kutanthauza kuti pafupifupi kamodzi pa kasanu amaluza, koma munthu amene amangosewera pa tebulo zikamuchitikira kamodzi amakhala akuikamba nkhaniyo mpaka chaka chimathera, kumati ndili ndi minyama, mwina wogawa makadi uja anandipanga chipongwe. Wa pa intaneti zimenezo waziona kambirimbiri, mtima wake unakhwima, amadziwa kuti anaika machipi ake pamalo oyenera basi n'kupita ku dzanja lina.

Masamu nawonso ndinawaphunzirira pa foni, sindingabise. Pa sikirini poti, mulu wa machipi onse amene aponyedwa pakati, imalembedwa, machipi a aliyense amalembedwa, ndiye umazolowera kuwerengera mwachangu. Mwachitsanzo uli pa turn, uli ndi makadi anayi a mtundu umodzi ukudikira lachisanu kuti upange flush. Makadi okupulumutsa alipo 9 mwa 46 osaoneka, ndi mwayi wa pafupifupi 20 pa 100. Mu poti muli 10,000, mnzako waponyamo 5,000, iwe ukuyenera kuika 5,000 kuti upate 15,000, apa pakufunika mwayi wa 25 pa 100 kuti zikupindulire, ndiye 20 sakukwana, taya makadiwo pokhapokha ngati ukudziwa kuti flush ikabwera munthuyo adzakupatsanso machipi ambiri pa river. Pa tebulo lathu anthu ambiri akaona makadi anayi ofanana mtundu amangoti ndalowa, mtima ukundiuza kuti likubwera. Mtima suwerenga makadi abale anga. Kachidule kake n'kosavuta, werenga makadi okupulumutsa, chulukitsa ndi 2 ngati latsala khadi limodzi, ndi 4 ngati atsala awiri, upeza pafupifupi mwayi wako pa 100.

Ndipo amene amati ana a pa intaneti sangalimbe pa tebulo aone zimene zinachitika mu 2003. Chris Moneymaker, munthu wamba wowerengera ndalama ku Tennessee, analowa kampikisano ka pa tsamba la pa intaneti la PokerStars ndi ndalama zosakwana madola 100, n'kupata mpando wa madola 10,000 ku World Series of Poker ku Las Vegas, mpikisano umene unayamba mu 1970. Munali anthu 839, iye anawadutsa onse, pomaliza n'kugonjetsa katswiri Sam Farha n'kutenga madola 2.5 miliyoni. Kuyambira pamenepo anthu anakhamukirako, moti mu 2023 analowa 10,043 ndipo mu 2024 analowa 10,112. Palinso Annette Obrestad wa ku Norway, amene mu 2007 anapambana kampikisano ka pa intaneti ka anthu 180 ataphimba makadi ake pa sikirini, akuti anangosuzumira kamodzi kokha, zina zonse ankangoona malo amene wakhala pa tebulo ndi mmene anzake akubetchera, chaka chomwecho n'kukapambana mpikisano waukulu wa pa tebulo ku London, mapaundi 1 miliyoni, ali ndi zaka 18. Nkhani ya mtsikanayu ndi imene inanditsegula maso kuti kukhala womaliza kulankhula pa dzanja, pa mpando wa wogawa makadi umene timati batani, nthawi zambiri kumaposa makadi abwino.

Nde mukhoza kuganiza kuti ndikuti tonse tithamangire pa foni. Ayi, dikirani.

Usiku wina m'nyengo ya dzinja ndinali mu mpikisano wa pa intaneti wa anthu mazana angapo, nditasewera maola atatu, titatsala pang'ono kulowa m'gulu lolandira mphoto. Ndili ndi ma 7 awiri, flop n'kubweretsa 7 wachitatu, chinthu chimene chimachitika kamodzi pa maulendo 8 kapena 9. Munthu wina waponya machipi ambiri kutsogolo kwanga, ine chala chili pa sikirini, mvula yayamba kugunda pa malata, magetsi thii, netiweki n'kutsatira pomwepo. Ndinatuluka panja ndi foni m'mwamba mvula ikundinyowetsa, ndikuona kanthu kaja kakungozungulira pa sikirini. Pamene imabwerera nthawi yanga inali itatha kalekale, makadi anatayidwa okha, ma blind (machipi amene umakakamizidwa kuponya makadi asanagawidwe ikafika nthawi yako) andidya maulendo awiri, machipi atsala ochepa oti sungaopseze nawo munthu. Zinandiwawa kwambiri, mpaka pano ndikaganiza zimandiwawabe, chifukwa sindinalakwitse chilichonse. Kwa munthu wa ku London zimenezi ndi nkhani yachilendo koma kwa ife a ku Kasungu, makamaka anzathu a ku Santhe, Chulu kapena Nkhamenya kumene netiweki umachita kuisaka, ziyenera kulowa m'masamu ako. Mpikisano wautali wa pa intaneti umafuna maola asanu kapena kuposa opanda kudukiza, ndiye ngati ulibe pawa banki yodzadza, bandulo yokwanira ndi simu yachiwiri ya kampani ina, usalowe, sewera timipikisano tatifupi ta tebulo limodzi.

Kwinaku ndi ndalama. Masamba akuluakulu amawerengera mu madola, ife timapeza makwacha, ndipo chichokereni November 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 pa 100, ndalama imene kwa mzungu ndi ya kapu ya khofi kwa ife ndi ya ndiwo za masiku angapo. Kuika ndi kutulutsa ndalama nakonso si kophweka ngati kutumizirana pa Airtel Money kapena Mpamba. Komanso ndalama zako zimakhala m'manja mwa anthu amene sudzawaona. Pa 15 April 2011 boma la America linatsekera masamba akuluakulu atatu, ndipo anthu amene anali ndi ndalama ku Full Tilt Poker, limodzi mwa masambawo, ku America komweko anadikira mpaka 2014 kuti ayambe kubwezeredwa. Ngati iwowo anadikira zaka zitatu, iwe wa pa Chinkhoma ukadandaula kwa ndani? Kuno kwathu za njuga zimayang'aniridwa ndi Malawi Gaming and Lotteries Authority ndipo wosakwana zaka 18 saloledwa, nde musanaike tambala pa tsamba lililonse fufuzani kaye ngati lili lovomerezeka. Ine n'chifukwa chake nthawi zambiri ndimasewera ya machipi ongoyerekeza kapena mipikisano yaulere, ngakhale ndivomereze kuti kumeneko anthu amaponya machipi awo onse, all-in, mwachisawawa poti palibe chikuwapweteka, ndiye uphunzirekoni masamu ndi liwiro koma osatengera khalidwe lawo.

Tsopano pa tebulo. Apa mpamene mtima wanga uli, ndipo ndinena chifukwa chake.

Pa foni mdani wako ndi dzina ndi kachithunzi, lero uyu mawa wina, ndipo ambiri ndi anyamata amene amaphunzira ndi mapulogalamu a kompyuta owerengera dzanja lililonse, sakupatsa mpata wolakwitsa. Pa tebulo ndi anthu omwewo mwezi ndi mwezi, ukudziwa kuti uyu fodya wake wayenda bwino ku okushoni lero aponya machipi mosaumira, uyu akadyedwa dzanja limodzi lalikulu amapsa mtima n'kuyamba kulowa paliponse, uyu sanablafepo chiyambire (kublafa ndi kubetcha ngati uli ndi makadi abwino pamene ulibe). Zimenezi ndi chuma, ndipo umazitola pa nthawi imene wataya makadi ako. Anyamata ozolowera foni amalephera pamenepa, akangotaya makadi maso ali pa WhatsApp, chonsecho pa manja 30 a pa ola iwe ukusewera mwina 6, otsalawo ndi nthawi yoonera anthu. Zili ngati bawo pansi pa mtengo, amene waima pambali amaona njira imene wosewera sakuiona.

Mwezi wa June tinatsala anthu anayi, mphoto zili za atatu, pa bubble penipeni. Ine ndili ndi ma big blind 12, kutanthauza machipi ongokwanira kulipira blind yaikulu ka 12, m'manja ace ndi queen. Pa intaneti dzanja limenelo ndi machipi amenewo nthawi zambiri ndimangokankha onse osaganiza kawiri. Koma kutsogolo kwanga anali atakweza madala ena, aphunzitsi opuma, munthu amene anakhala pafupifupi ola lathunthu osalowa dzanja ndi limodzi lomwe. Ndinaona pamene amakankha machipi zala zikunjenjemera mpaka mulu wina unagwa, ndipo anasiya nkhani ya mtengo wa feteleza imene amakamba pakati penipeni, n'kuyang'ana kukhoma ngati sakufuna kanthu. Ambiri amaganiza kuti wonjenjemera ndi wabodza, koma kawirikawiri ndi munthu amene wagwira chinthu chachikulu mtima ukugunda. Komanso kumanzere kwanga kunali mnyamata wotsala ndi ma big blind 3, woti atuluka posachedwa. Ndinataya. Madala aja anaseka n'kutembenuza ma king awiri, amvekere, "Mwana wanga, wathawa bwanji pamenepa?" Ine ndinati, "Bambo, manja anu ndi amene andiuza." Manja awiri otsatira mnyamata uja anatuluka, ine n'kulowa mu mphoto. Pa bubble machipi amene ungataye ndi odula kuposa amene ungapate, zimenezo ndinaziwerenga pa intaneti, koma zala za madala zija palibe sikirini ikanandionetsa.

Koma musapitirire nazo muyeso zowerenga nkhopezi, ena amadziyesa asing'anga. Chimene chimanena zoona kwambiri ndi kabetchedwe ka munthu, kuti amakweza zingati akakhala ndi chinthu ndipo zingati akakhala alibe, nkhope imangothandizira.

Kusiyana kwina ndi nthawi ya ma blind. Ku mpikisano waukulu wa ku Las Vegas uja amakwera pa maola awiri aliwonse, munthu umatha kudikira. Timipikisano tachangu ta pa intaneti amakwera pa mphindi zisanu, ndiye posakhalitsa aliyense ali ndi ma big blind 10 kapena 15 ndipo masewera amasanduka kukankha onse kapena kutaya. Ife kwathu timakweza pa mphindi 20, koma poti manja ndi ochepa, mphindi 20 zimenezo ndi manja 10 okha, ndiye ndi mpikisano wachangu ndithu ngakhale ukuoneka woyenda pang'onopang'ono. Anthu ambiri sazindikira, amadikira ma ace mpaka ma blind kuwamaliza. Apa amene anazolowera kusewera ndi machipi ochepa pa foni amadya anzake mosavuta.

Zovuta za pa tebulo ziliponso. Mipikisano ndi yochepa, ukatuluka pa dzanja loyamba udikira milungu iwiri. Ukafuna malo ovomerezeka a kasino ndiye ulendo wa ku Lilongwe pa M1, makilomita oposa 120, thiransipoti, chakudya, pogona, usanagwire n'komwe khadi. Ndipo kublafa mlamu wako amene mawa mukakhala naye benchi imodzi ku tchalitchi kumafuna mtima wina, ena amachita manyazi n'kumusiyira, zomwe zimaononga mpikisano kwa onse. Komabe kuti wa kuno ku Africa sangafike patali pa tebulo ndi bodza, Raymond Rahme wa ku South Africa anathera pa nambala 3 ku Las Vegas mu 2007 mwa anthu oposa 6,000, n'kutenga madola oposa 3 miliyoni.

Nde kwa mng'ono wanga uja, yankho langa ndi ili. Mkati mwa sabata sewera pa foni, yaulere, tebulo limodzi kapena awiri, cholinga uone manja ambiri ndipo masamu akulowe mpaka uziwerengera osaganiza. Loweruka bwera pa tebulo, foni ikhale m'thumba, ndipo pamenepo mpamene uike mtima wako wopikisana chifukwa anthu ake ukhoza kuwaphunzira ndipo mvula singakutayire makadi. Ndalama yolowera ikhale imene ungataye osasintha chilichonse pakhomo, chifukwa ngakhale katswiri amatuluka chimanjamanja m'mipikisano yambiri, olandira mphoto amakhala pafupifupi 15 pa anthu 100 alionse. Ya fizi, ya feteleza, ya lendi, imeneyo isayandikire n'komwe, ndinamuona mnzathu wina akubwereka katapira kuti abweze zimene anadyedwa pa foni usiku umodzi, mpaka njinga yamoto inapita, ndipo pagulu pathu tinagwirizana kuti wobwera ndi ndalama yangongole sitimupatsa mpando.

Loweruka limene tidzakumanenso ndidzakukhazika kumanja kwanga, ukataya makadi uzidzayang'ana madala aja mmene amagwirira machipi, tikaweruka udzandiuze zimene waona.