Kaofesi kothandiza kulemba ma proposal ku Katoto

Amene mukusaka ndalama za kafukufuku wa mabanja ndi chiwerengero cha anthu, pitani kwa amayi aja ali ndi kaofesi ku Katoto, ntchito amaidziwa bwino zedi. Proposal yanga inali yokhudza kulera kwa achinyamata muno mu Mzuzu, anandiuza kuti achimwene ma donor safuna nkhani zambiri, ikani manambala, ndiye tinatsegula lipoti la kalembera wa 2018 la NSO (ofesi ya boma yowerengera anthu) lija la anthu 17.5 miliyoni ndi MDHS (kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo ndi mabanja) ya 2015-16 yomwe imati pa avareji mayi mmodzi amabereka ana 4.4, bajeti anaikonzanso mpaka transport ya ma enumerator (ofunsa anthu mafunso) ndi chilolezo cha ku NCST (bungwe la boma loona za sayansi ndi kafukufuku) anaikamo. Mtengo wakwerako kwa mwana wa sukulu wa pa Mzuni, komanso magetsi akathima basi mudikira, koma ndikawapezanso ndithu.