Ndemanga: Phukusi la Bulangete la Ceramic Fibre ndi Burner Zopangira Chipala cha Gasi

Ndemangayi ikunena za phukusi la zipangizo zopangira chipala chaching'ono cha gasi, limene ndinagula kwa wamalonda wina wa ku Lilongwe amene amaitanitsa katundu wa owotcherera ndi osula zitsulo kuchokera ku South Africa. M'phukusimo munali bulangete la ceramic fibre (ulusi wopirira moto woyala m'kati mwa chipala kuti kutentha kusatuluke) lokhuthala mamilimita 25, lotambalala masentimita 61 ndi lotalika mita imodzi ndi theka, burner imodzi (chida chosakaniza gasi ndi mpweya n'kutulutsa lawi) ya paipi ya mainchi 3/4, paipi ya labala yodutsira gasi, ndi njerwa imodzi yolimba yopirira moto yoika pansi m'chipalamo. Ine ndimasula mipeni ndi zikwanje kuno ku Salima, chakufupi ndi Kamuzu Road, ndipo ambiri mwa ogula kwanga ndi asodzi ndi amayi ochita geni ya nsomba ku Senga Bay, amene amafuna mpeni wotumbulira chambo ndi kampango wosabuntha msanga. Chipalachi ndachigwiritsa ntchito kuyambira dzinja mpaka nyengo ya mwera itadutsa. Zipangizo zimene zinali m'phukusimo ndi zabwino ndithu, koma mawu a wogulitsayo akuti zonse zofunika zili momwemo si oona, ndipo zimene zikusowazo ndi zokhudza moyo wa wosulayo.

Ndinasiya chipala cha makala ndi mvukuto pa zifukwa ziwiri. Makala akwera mtengo, ndipo chikonzereni lamulo la zankhalango mu 2020, munthu wopezeka ndi makala opanda chilolezo amakhala pa mlandu waukulu. Aliyense woona momwe mapiri a ku Thuma anayerera sangadabwe nazo. Koma chimene chinandikankha kwambiri ndi ntchito yeniyeniyo. Pa makala moto umalusa malo amodzi, kotero kuti nsonga ya mpeni wopyapyala imapsa pamene kuchigwiriro kusanafiire, ndipo mpeni wotere ukaviikidwa m'mafuta kuti ulimbe umapindika kapena umakhala wolimba mbali imodzi yokha.

Thupi la chipalacho silibwera m'phukusi, zimene wogulitsayo ananeneratu. Ndinagwiritsa ntchito silinda yakale ya gasi wa mafiriji, ya m'mimba mwake pafupifupi masentimita 24, imene ndinaipeza kwa wokonza mafiriji pa boma pano. Silinda iliyonse imene munakhalapo gasi iyenera kutsegulidwa, kudzazidwa madzi mpaka kusefukira, kenako n'kudulidwa. Ndipo chitsulo chokutidwa ndi zinki, monga mapaipi amadzi otuwa aja, sichiyenera kuyandikira moto wa chipala chifukwa utsi wake umadwalitsa. Ndinaboola khomo kutsogolo, kabowo kena kumbuyo kotulukira nsonga ya chikwanje, ndi bowo la burner cham'mbali pamwamba, mopendeka, kuti lawi lizizungulira m'khoma m'malo mowomba mpeni mwachindunji. Bulangetelo linakwana kuyala kawiri, kufika mamilimita 50, ndipo panatsala kachidutswa kotsekera kumbuyo. M'kati munatsala malo osapitirira malita 4. Kukula kumeneku n'koyenera, pakuti osula ambiri amawerengera kuti burner imodzi ya mainchi 3/4 imakwanitsa kutenthetsa bwino malo osaposa malita 5 kapena 6.

Bulangetelo palokha ndilibe nalo dandaulo. Pa pepala lake panalembedwa kuti limapirira kutentha kwa madigiri 1260 pa muyeso wa Celsius ndiponso kuti kulemera kwake ndi makilogalamu 128 pa kiyubiki mita, umene uli mtundu wothithikana woyenera chipala. Limadulika bwino ndi mpeni wakuthwa, ndipo ukalipinda n'kulilowetsa m'silinda limadzikanikiza lokha kukhoma popanda chomangira. Limasunga moto modabwitsa: m'kati mukamawala chikasu, kunja kwa silinda kumatentha ndithu koma sikufiira, ndipo patangopita mphindi zochepa chiyatsireni chitsulo chimakhala chafewa.

Vuto ndi lakuti bulangeteli siliyenera kuonana ndi moto lili losamatidwa, ndipo m'phukusimo munalibe chomatira kapena chenjezo lililonse. Ulusi wake ndi wopangidwa ndi alumina ndi silica, waung'ono kwambiri, ndipo lawi likamauwomba umathothoka n'kutuluka pakhomo la chipala, pamene pali nkhope ya wosulayo. Podula pokhapo, dzuwa la m'mawa likalowa pansi pa chisakasa, umaona tifumbi tonyezimira tikuyandama, ndipo m'mikono mumayabwa tsiku lonse. Bungwe la IARC, limene lili pansi pa World Health Organization, mu 2002 linaika ulusi wa mtundu umenewu m'gulu 2B, la zinthu zimene zingathe kuyambitsa khansa. Ukapsa nthawi yaitali pa madigiri oposa 1000, mbali ina ya silica imasanduka cristobalite, fumbi limene limawononga mapapo, n'chifukwa chake bulangete lakale ndi loopsa kuposa latsopano pa tsiku lophwasula chipala. Podula ndi poyala pamafunika masiki ya mtundu wa P3, yosefa fumbi laling'ono kwambiri, magolovesi ndi malaya a manja aatali, komanso kuwaza madzi pa bulangetelo kuti fumbi lisauluke. Masiki ansalu amene anatsala m'nyumba zathu nthawi ya Covid-19 sakwanira pa ntchito imeneyi.

Nditamufunsa wogulitsayo, anandiuza kuti anthu ambiri amangoliyatsa lili choncho ndipo palibe amene anabwerera kudzadandaula. Yankho limeneli silinandikhutiritse, chifukwa matenda a fumbi saonekera chaka chomwecho. Ndinayenera kuitanitsa padera zinthu ziwiri, ndipo mtengo wake pamodzi ndi wotumizira pa minibasi kuchokera ku Lilongwe unayandikira theka la mtengo wa phukusi lonse. Choyamba ndi rigidizer, madzi a colloidal silica amene amaumitsa ulusiwo kuti usamapanike. Wanga anali wothiridwa utoto wobiriwira kuti munthu aziona pamene wapopera, ndipo utotowo umachoka ukayatsa moto koyamba. Bulangetelo limayamba lanyowetsedwa pang'ono ndi madzi kuti rigidizer alowe m'kati, ndipo ndi bwino kupopera ndi kuumitsa mpukutu woyamba musanayale wachiwiri. Chachiwiri ndi simenti yopirira moto, ya mtundu wa castable refractory, imene imamatidwa pamwamba pake mokhuthala mamilimita 6 mpaka 10. Ndinaikanda kufikira inalimba ngati dothi lozirira nyumba, n'kuipaka ndi dzanja lovala golovesi, kuyambira pansi, kenako m'mbali, n'kumatembenuza silindayo kuti denga limatidwe lili pansi.

Apa ndi pamene munthu wothamanga amataya ndalama zake. Simentiyi imafuna kukhala yofunditsidwa ndi pulasitiki tsiku limodzi kuti igwirane, kenako iume pang'onopang'ono pamthunzi, ndipo kuno kunyanja m'miyezi ya mvula mpweya umakhala wachinyezi moti kuuma kumachedwa kuposa zimene zinalembedwa pa thumba. Moto woyamba uyenera kukhala wochepa ndi wa kanthawi, kuzimitsa nthunzi ikayamba kutuluka, kudikira, n'kuyatsanso, chifukwa madzi otsekeredwa m'kati akawira mwadzidzidzi amaphulitsa khomalo zibenthuzibenthu. Timing'alu ting'onoting'ono tinaoneka kudenga chipalacho chitagwira ntchito kanthawi, ndipo ndinangotimata ndi simenti yotsala. Amene akuganiza zopulumutsa ndalama pomata ndi simenti yomangira nyumba kapena kuyala njerwa zootcha zathuzi aleke: simenti wamba imagumuka pa moto wotere, ndipo njerwa zofiira zimang'aluka komanso zimamwa kutentha kumene kukanapita ku chitsulo.

Chinthu china chosowa m'phukusimo ndi regyuleta, kachida koikidwa pa silinda ya gasi kowongolera mphamvu imene gasiyo amatulukira. Regyuleta ya mbaula yophikira imatulutsa gasi pa mphamvu ya mamilibaa 28 mpaka 30 okha, pamene burner ya mtundu uwu imakoka mpweya pogwiritsa ntchito liwiro la gasi wotuluka pa kabowo kosakwana milimita imodzi, motero imafuna regyuleta yosinthika yofika mabaa 2, kapena kuti mamilibaa 2000. Pa regyuleta ya m'khitchini lawi limangokhala lachikasu, lofooka ndi lamwaye. Izi wogulitsayo anayenera kulemba pa malonda ake, chifukwa munthu wa ku Chipoka kapena ku Nkhotakota amene walipira kale ndiponso wanyamula katundu wake sangaipeze regyuleta yotere pa golosale ya kwawo. Itapezeka yoyenera, burner inayaka bwino kwambiri, ndi lawi labuluu lokhazikika ndi mkokomo wosadukiza. Inawotchereredwa mwaukhondo, kabowo ka gasi kali pakatikati penipeni pa paipi, ndipo ili ndi kachitseko kochepetsera mpweya. Paipi ya labala ija ndi yaifupi. Ndinaisintha ndi yaitali kuti silinda ya gasi ikhale patali ndi moto, ndipo polumikizira ponse ndimayesa ndi thovu la sopo ndisanayatse.

Pa ntchito ya mipeni, kusiyana kwake ndi makala ndi kwakukulu. Ndimasula kwambiri masipulingi akale a galimoto, ndipo m'chipalachi mpeni wa masentimita 20 umafiira mofanana kuyambira kunsonga mpaka kuchigwiriro. Chitsulo chikafika madigiri pafupifupi 770 maginito saachigwiranso, ndipo pamenepo ndimawonjezera pang'ono kufika cha m'ma 820 ndisanachiviike m'mafuta ophikira ofunditsidwa. Popeza moto wa gasi umamvera regyuleta, n'zotheka kuimika kutentha pamenepo osapsereza nsonga, zimene pa mvukuto zinkadalira mwayi. Ukachepetsa mpweya pang'ono mpaka kalawi kofiirira kayambe kutuluka pakhomo, makoko akuda amene amasendeka pa chitsulo amachepa, ndipo ntchito yopala ndi kunola imapepuka. Mpeni ukatuluka m'mafuta, ndikaupala ndi tupa sukandika. Kuufewetsa pang'ono pa madigiri 200 kuti usathyoke ndimachitira mu uvuni, chifukwa chipalachi sichingatsike kufika pamenepo. Mtundu wa chitsulo chotentha uyenera kuweruzidwa pamthunzi, makamaka chakumadzulo. Pa dzuwa la Salima la mwezi wa October chitsulo chimene chapitirira kale muyeso chimaoneka ngati sichinafiire.

Mphepo ya mwera, imene imawomba kuyambira cha mu May mpaka August, imasokoneza burner imeneyi. Ikawomba pamene mpweya umalowera, lawi limadukiza n'kubwerera m'paipi, ndipo ndinachita kuimika lata mbali ya kumwera kuti ntchito itheke. Kulowetsa chipala m'nyumba pothawa mphepo n'kosayenera ngakhale pang'ono, chifukwa chimatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umapha, ndipo umachuluka pamene wachepetsa mpweya wolowa mu burner. Gasi wophikirayu ndi wolemera kuposa mpweya, choncho akadontha amakhala pansi. Silinda ya gasi ya makilogalamu 9 imazizira ikakokedwa kwa nthawi yaitali, kunja kwake kumachita mame, ndipo mphamvu ya moto imatsika, makamaka gasi akatsala wochepa. Kuiimika m'beseni la madzi kumathandiza. Mukazimitsa, tsekani kachitseko ka mpweya kapena chotsani burner, pakuti kutentha kumakwera m'paipimo n'kukafika ku labala.

Njerwa yolimba ya pansi ija imachedwetsa chipala kutentha poyamba, koma ndi yofunika kwa amene amalumikiza zitsulo pa moto pogwiritsa ntchito borax, ufa woyera wothandiza zitsulo kugwirana, chifukwa borax wosungunuka amadya bulangete la ceramic fibre mofulumira kwambiri ndipo amadyanso simenti zina pang'onopang'ono. Chipalachi chimafika pa kutentha kolumikizira zitsulo ngati makomo atsekedwa pang'ono ndi njerwa, koma gasi amatha msanga, ndipo pa mipeni ya nsomba sindinaone chifukwa chochitira zimenezo. Zikwanje zazitali ndimazitenthetsa mbali ndi mbali kudzera pa bowo la kumbuyo. Makasu ndi nkhwangwa sizilowa konse, ndipo pa zimenezo ndikugwiritsabe ntchito mvukuto.

Katunduyo anafika tsiku limene tinagwirizana, atakulungidwa bwino mu pulasitiki, ndipo wogulitsayo amayankha foni mwaulemu. Pa nyenyezi 5 ndikupereka 3. Amene mukufuna kugula, mufunseni wogulitsayo musanatumize ndalama ngati angaike m'katoni yomweyo rigidizer, simenti yopirira moto, regyuleta yofika mabaa 2 ndi masiki ya P3, ndipo akuuzeni mtengo wa zonse pamodzi, kuti musalipire minibasi ya pa msewu wa M14 kawiri.