Tsiku limodzi ku Deira ndi Bur Dubai: metro, abra, misika ndi chakudya

Munthu wa geni wochokera ku Salima kapena ku Nkhotakota akapita ku Dubai kukaoda katundu, kawirikawiri amatsala ndi tsiku limodzi loti aone mzindawo, agule za kunyumba komanso adye bwino. Tsikuli likhoza kuthera mu takisi ndi m'manja mwa madobadoba, kapena likhoza kukhala laphindu pa ndalama zochepa. Njira yomwe tikuiyamikira ndi ya mzinda wakale: kuyambira ku Deira m'mawa, kuoloka mtsinje wa Dubai Creek pa bwato, kudya masana ku Bur Dubai, kenako madzulo kukaona Burj Khalifa, nyumba yosanjikizana yaitali kwambiri. Mayendedwe onsewa, kupatula takisi, sangakudyereni ndalama zoposa madirham 30.

Kwacha sasintha kumeneko, choncho nyamulani madola a ku America, osang'ambika komanso osalembedwalembedwa. Dola imodzi imafanana ndi madirham 3.67 ndipo mtengowu unakhazikika kuyambira mu 1997, kotero madola 100 ayenera kukupatsani pafupifupi madirham 365. Wina akakuuzani zotsika kwambiri kuposa apa, pitani pena, chifukwa mabyulo osinthira ndalama ngambiri ku Deira ndipo amafuna pasipoti. Pemphani kuti akupatseniko ndalama zachitsulo, mudzazifuna pa bwato ndi pa tiyi. Wotchi ya ku Dubai ili patsogolo ndi maola 2 poyerekeza ndi yathu. Ndipo musadalire kuimba foni pa WhatsApp, kumeneko mauthenga olemba amadutsa koma kuimba nkotsekedwa. A kunyumba muwauziretu, asakhale ndi nkhawa.

Za nyengo tisanamizane. Ife a kunyanja timadzitama kuti tinazolowera dzuwa la Okutobala, koma kuyambira Juni mpaka Sepitembala ku Dubai kumatentha kupitirira madigiri 40, ndi chinyontho chomatirira thupi ngakhale usiku. Boma lawo limaletsa ntchito za padzuwa kuyambira 12:30 mpaka 3 koloko masana pakati pa 15 Juni ndi 15 Sepitembala. Ulendo wapansi ngati uwu umakoma kuyambira Novembala mpaka Malichi.

Sitima ya metro ndiyo msana wa tsikuli, ndipo sitikuipezera chifukwa chachikulu. Inayamba kuyenda pa 9 Sepitembala 2009, ilibe woyendetsa, ndipo imadutsa pafupipafupi moti simudikira nthawi yaitali. Njira zake ndi ziwiri, yofiira ndi yobiriwira, zomwe zimakumana pa masiteshoni a Union ndi BurJuman. Mulipira ndi khadi yotchedwa Nol. Gulani ya siliva pa madirham 25, momwe 19 ndi ndalama zoyendera. Ulendo umodzi ndi madirham 3, 5 kapena 7.50 malingana ndi kutalika kwake, koma chipata sichitseguka ngati mu khadi mwatsala zosakwana 7.50, ngakhale mukupita pafupi. Apa ndi pomwe alendo amadabwa kuti khadi yawo yafa, pomwe yangofuna kuonjezera ndalama. Gunditsani khadi polowa ndi potuluka pomwe, ndipo munthu aliyense akhale ndi yake.

Zindapusa za mu sitimayi nzenizeni. Bambo wolowa m'chipinda cha amayi ndi ana, chomwe chili ndi zizindikiro za pinki pansi, amalipira madirham 100. Kudya, kumwa kapena kutafuna chingamu ndi 100 enanso. Chipinda cha kumapeto cholembedwa Gold nchofuna khadi yakeyake. Nthawi yopita ndi yoweruka ku ntchito anthu amathithikana kwambiri, choncho chikwama chachikulu chisiyeni ku hotela. Lamulungu sitima imayamba mochedwa, cha m'ma 8 koloko.

Tsikirani pa siteshoni ya Al Ras kapena Gold Souq pa njira yobiriwira, cha m'ma 10 koloko masitolo akutsegula. Msika wa golide ndi malo omwe munthu wosadziwa masamu ake amalipira zambiri popanda womubera. Mtengo wa chinthu uli ndi zigawo zitatu. Choyamba ndi mtengo wa golide pa galamu, womwe umasintha tsiku ndi tsiku, umaonetsedwa pa zikwangwani za magetsi ndipo nchimodzimodzi m'masitolo onse, apa palibe kunenerera. Chachiwiri ndi ndalama ya mmisiri amene anasula, ndipo apa pokha ndi pomwe mungatsitse. Chachitatu ndi msonkho wa VAT wa 5 peresenti womwe unayamba mu Januwale 2018. Tingoyerekeza kuti galamu ili pa madirham 400 ndipo tcheni chikulemera magalamu 10: golide yekha ndi 4,000, mmisiri atati 300 zikhala 4,300, msonkho 215, zonse pamodzi 4,515. Wogulitsa akangotchula nambala imodzi yonse, muuzeni aiphwanye m'zigawo zitatuzi pa kakyuleta mukuona.

Yang'anani chidindo pa chinthucho. Nambala 916 ndi golide wa makarati 22, 875 ndi wa 21, 750 ndi wa 18. Wa 22 ngwachikasu kwambiri ndipo amasunga mtengo, koma ngofewa, chibangili chake chimapindika pa dzanja la mayi wosinja, wochapa ndi wotunga madzi tsiku lililonse. Mphete ya ukwati yovala osavula ndi bwino ikhale ya 18. Zokhala ndi timiyala tonyezimira muzisamale: ngati aziyeza pamodzi ndi timiyalato, mwagula galasi pa mtengo wa golide, ndipo tsiku logulitsa adzachotsera kulemera kwake. Sikelo ikhale poonekera ndipo iyambire pa ziro. Lisiti lilembedwe makarati, magalamu ndi mtengo wa tsikulo. Boma limayendera masitolowa, ndiye golide wabodza m'sitolo yokhazikika sapezekapezeka. Chovuta chenicheni ndi ndalama ya mmisiri, yomwe pa zinthu zopepuka ndi zokongoletsa kwambiri imakwera zedi.

M'tinjira ta pamenepa mukumana ndi anyamata okunong'onezani za mawotchi, zikwama ndi perefyumu wotchipa, nkumati muwatsate ku chipinda cha pamwamba. Katunduyo ngwachinyengo, lisiti palibe, ndipo mukalowa nkovuta kutuluka chimanjamanja. Kanani kamodzi mwaulemu osaima.

Kuyenda mphindi zisanu kulowera ku mtsinje mufika pa msika wa zokometsera zakudya. Fungo lake lokha nlokwanira kuti mupiteko: lubani, sinamoni, kadamamu, mandimu ouma akuda, tsabola wamitundumitundu ndi tende, zipatso za kanjedza zomwe abale athu achisilamu amamasulira nazo swaumu. Koma ngati sitolo, msikawu tikuupatsa theka. Masitolo a kutsogolo anazolowera alendo a ku Ulaya, mitengo salemba, ndipo mtengo woyamba umakhala wokwera mopanda manyazi. Funsani mtengo pa kilogalamu musanalole kuti ayambe kutapa, chifukwa akathira m'pepala nkumata amakuonani ngati mwagula kale. Safironi, timaulusi tofiira tokometsera chakudya, ndiye amanamizira kwambiri. Weniweni mukaika kaulusi kamodzi m'madzi ofunda, madziwo amasanduka achikasu pang'onopang'ono ndipo kaulusiko kamakhalabe kofiira. Wopaka utoto amafiiritsa madzi nthawi yomweyo nkuyera. Tende ndi kadamamu wodyera kunyumba mungapeze motchipa m'masupamaketi wamba a ku Deira, komwe mtengo ngolembedwa. Lubani yekha ndiye woyenera kugula pamsikawu, posankha wa timibulu toyera, osati wophwanyika ngati fumbi.

Mukatuluka, imani kaye pa gombe muone zombo zamatabwa zikupakira mafiriji, matayala ndi matumba a mpunga kupita ku Iran ndi maiko ena oyandikana nawo. Munthu wa ku Nkhotakota aziona ndi diso lina, poti zombo za mtundu womwewu ndi zomwe a Jumbe ankaolotsera minyanga ndi akapolo pa nyanja yathu m'zaka za m'ma 1800.

Kuoloka nkwa abra, ndipo pa zonse za tsikuli ichi ndiye chopambana. Ndi bwato lamatabwa la injini, lonyamula anthu pafupifupi 20 okhala chofulatirana pa benchi ya pakati, ndi denga loteteza ku dzuwa. Mtengo wake ndi dirham imodzi yokha, yopereka m'manja mwa woyendetsa bwato litanyamuka, ndipo ulendo wake ndi wa mphindi 5 kapena kuposera pang'ono. Kuchokera pa siteshoni ya Deira Old Souq limakakusiyani ku Bur Dubai. Amene anakwerapo mabwato opititsa anthu ku Ilala pa Nkhotakota sangaope, pano palibe mwera, ndi mafunde a mabwato anzake basi. Komabe m'mbali mulibe chogwirira, ndiye mwana mumugwire dzanja, foni muisunge m'thumba pokwera ndi potsika, chifukwa bwato limagunda gombe likamaima. Pali kamsampha kamodzi: wina akhoza kukulozerani bwato lopanda anthu nkukuzungulitsani ola lathunthu pa mtengo wa hayala, womwe umaposa madirham 100. Kwerani lomwe mwakwera kale anthu ena.

Tsidya linalo mufikira mu msika wa nsalu. Muli silika, leisi ndi nsalu za zikwati zambiri, koma zitenje zathu musazifune kuno. Funsani ngati akuyeza pa yadi kapena pa mita, poti yadi ndi masentimita 91 okha ndipo telala wa ku Kamuzu Road adzakuuzani kuti nsalu yaperewera. Kutsogolo pang'ono kuli Al Fahidi, mudzi wakale wa amalonda ochokera ku Bastak m'dziko la Iran, wa nyumba zokhala ndi nsanja zokokera mphepo m'kati nthawi yomwe kunalibe magetsi. Kulowa nkwaulere ndipo mphindi 40 nzokwanira. Musajambule anthu, makamaka amayi, asanakuloleni, ndi mlandu m'dzikolo.

Chakudya cha masana chili pafupi. Al Ustad Special Kabab, lesitilanti ya chi Iran yomwe yakhalapo kuyambira mu 1978, imaotcha nyama ya nkhosa ndi ya nkhuku yoviikidwa mu yogati, yofewa kwambiri, nkuipereka ndi mpunga kapena buledi wopyapyala. Ilibe tsabola wambiri, choncho m'mimba mwa mlendo simudandaula. Imadzaza masana, fikani isanakwane 1 koloko. Wofuna zotchipa alowe m'timalesitilanti ta amwenye totchedwa cafeteria, komwe shawarma, parata ndi biriyani zimapezeka pa madirham ochepa, ndi tiyi wamkaka wa kadamamu wotchedwa karak pa dirham imodzi kapena ziwiri. Biriyani wawo amawawa, nenani poitanitsa kuti achepetse tsabola. Mbale ya mandi, mpunga wa chi Yemen wophikidwa ndi nyama, imakwanira anthu awiri. Mpunga wawo ndi basmati, woyoyoka ndi wouma, wosiyana ndi faya kapena kilombero wathu wonona uja, ndiye pemphani kamsuzi kapena yogati.

Masana masitolo ambiri a m'misika yakale amatseka mpaka cha m'ma 4 koloko, ndipo Lachisanu amatsekera mapemphero a kumzikiti. Nthawi imeneyi tengani takisi yaifupi kupita ku Waterfront Market, komwe msika wa nsomba wa Deira unasamukira mu 2017. Ndi wozizira bwino, nsomba zili pa ayezi, mumagula pa kilogalamu, ena amakupalirani pa kandalama kochepa, ndipo malesitilanti a momwemo amakuotcherani. Maso anu a ku Senga Bay kapena ku Chia agwira ntchito pano: makha ofiira, diso loyera, mnofu wobwerera mukaudina. Hammour ili ndi mnofu woyera wokhuthala woyandikira kwa kampango, kingfish njouma pang'ono. Nsomba yaiwisi salola mu metro.

Cha m'ma 4 koloko pitani ku Naif Souq, pafupi ndi siteshoni ya Baniyas Square. Msikawu unapsa mu 2008 nkumangidwanso, ndipo lero ngozizira m'kati. Mabaya (madiresi aatali a amayi achisilamu), mipango ya amayi, mikanjo ya abambo, zisoti ndi mafuta onunkhira zili apa pa mitengo ya anthu wamba, ndipo wogula dazeni amatsitsiridwa bwino. Tembenuzani chovala muone msoko, ndipo kokani kamkanda kamodzi pang'ono: yomata ndi guluu imayoyoka pa kuchapa koyamba, yosokerera imakhalitsa. Mafoni ogwiritsidwapo kale ntchito ngambiri m'dera lomweli. Imbani *#06# muone ngati nambala yozindikiritsa foniyo, yotchedwa IMEI, ikufanana ndi ya pa bokosi, ikanimo simu yanu, yesani kamera ndi sipika, ndipo onetsetsani kuti akaunti ya mwini wakale yachotsedwa, apo ayi foniyo idzakhala chidina mukafika kumudzi. Mapulagi awo ndi a mano atatu ngati athu, zamagetsi zimagwira ku Malawi popanda chosinthira.

Burj Khalifa, ya mamita 828, yotsegulidwa mu Januwale 2010, ioneni muli pansi. Kuchoka pa siteshoni yake ya njira yofiira pali mlatho wotsekedwa wa mamita pafupifupi 800 kukafika mu Dubai Mall, miyendo yotopa iwerengeretu. Kukwera pamwamba nkodula, makamaka dzuwa likamalowa, pomwe madzi ovina a panja pake ngaulere ndipo amaseweredwa mphindi 30 zilizonse kuyambira 6 koloko madzulo. Mu Mall muone ndi maso, kugula munagula kale ku Deira.

Ngati mwagula zoposa madirham 250 m'sitolo yolembetsedwa, pemphani pomwepo kuti akulembereni zobweza VAT pa pasipoti yanu, ndipo mukatsimikizire pa bwalo la ndege musanapereke zikwama, chifukwa akhoza kufuna kuona katunduyo. Sabweza yonse, amadulapo yawo. Golide, mafoni ndi mapawabanki zikhale m'chikwama cha m'manja, mafuta onunkhira opitirira mamililita 100 alowe m'chikwama chachikulu, okulungidwa m'zovala ndi kumata pakamwa pa botolo. Yezerani zikwama ku hotela molingana ndi makilogalamu olembedwa pa tikiti yanu, kaya mukudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, ndipo malisiti onse akhale mu envulopu imodzi, poti a MRA pa bwalo la Kamuzu adzawerengera msonkho pa zomwe zalembedwapo.