Kanjivaram kapena Chanderi: sari yoyenda nayo wekha pa zikondwerero za ku India

Mayi wa ku India akakhala kwawo, sari (nsalu yaitali imene amayi akumeneko amavala modzikulunga) yolemera si nkhani, chifukwa pali mchemwali kapena azakhali omugwirira nsalu iye akubaya mapini. Zimasintha akakhala yekha m'chipinda cha hotelo ku Kolkata pa chikondwerero cha Durga Puja kapena ku Jaipur pa cha Diwali, nsalu ya mamita 5.5 ili m'manja, womuthandiza palibe. Chitenje chathu chija n'chachifupi kwambiri poyerekeza.

Tiyambe ndi sari ya Kanjivaram, yolukidwa ku Kanchipuram m'chigawo cha Tamil Nadu. Kukongola kokha palibe angatsutse: silika wokhuthala, m'mphepete muli ulusi wonyezimira wa zari. Koma ndi yolemera, imatentha, ndipo siichapidwa m'bafa ngati malaya wamba, imafuna ochapa apadera. Ikatayikiridwa tiyi m'sitima, ulendo wonse mtima uli m'mwamba. Musaiwalenso kuti ndege zambiri za m'dzikomo zimalola katundu wa makilogalamu 15 okha pa tikiti wamba. Banarasi ya ku Varanasi nayo mavuto ake ndi omwewo.

Chanderi, ya ku Madhya Pradesh, imalukidwa kawirikawiri ndi silika wosakaniza ndi thonje. Ndi yopepuka, imalowetsa mphepo, komabe imawala mokwanira moti pachikondwerero simuoneka ngati mwabwera kudzagula ndiwo. Imagwira bwino m'chiuno, choncho kuipinda nokha sikuvuta. Choipa chake n'chakuti imachita makwinya, ndiye funsirani simbi pahotelo. Ndi yopyapyalanso, pitikoti ikhale ya mtundu wofanana nayo. Kota Doria ya ku Rajasthan, ya timabokosi ting'onoting'ono ija, ndi yopepuka kuposa apa, koma sichedwa kukoka ulusi ikakodwa pa zipi ya chikwama.

Ena amalimbikira sari ya nsalu yopyapyala yotchedwa georgette chifukwa siikwinyika ndipo imauma msanga. N'zoona, koma imaterera, imadya mapini ambiri, ndipo ikakhala ya poliyesitala thukuta lake simungalipirire m'chinyezi cha ku Kolkata mu Okutobala. Palinso sari zosokeratu, zongokoleka m'chiuno ngati siketi. Agogo ena amazinyoza kuti ndi zaulesi, koma kwa munthu amene sitima ikumudikira m'bandakucha, ine sindiona cholakwa.

Chimene ambiri saganizira ndi miyendo. Mayi woyenda yekha amafunika kuthamangira bogi ya amayi okha, monga ya sitima ya mumzinda ya Delhi Metro yomwe inayamba mu 2010 kapena za sitima za ku Mumbai, chikwama chili paphewa, foni ili m'manja. Apa Kanjivaram imakukokerani pansi, pamene Chanderi mumangoikweza pang'ono n'kuyenda. Amayi a ku Maharashtra anazithetsa kale ndi nauvari, sari ya mayadi 9 yomangidwa ngati buluku, kungoti kuiphunzira kumafuna nthawi.

Ine ndingatenge Chanderi imodzi ya madzulo ndi ya thonje ya masana, m'sitima n'kuvala kurta (malaya aatali a ku India) basi. Kanjivaram ipite kokha kumene kuli ukwati wa pachibale, komwe wokugwirirani nsalu sasowa. Opita ku Kerala pa chikondwerero cha Onam asavutike n'komwe kunyamula, sari ya kasavu, yoyera ya m'mphepete mwagolide, akaigula komweko.