libselinux: ndiyabwino koma imafuna mtima wautali

Kwa amene mukulemba pulogalamu pa Linux ya Fedora kapena RHEL (Red Hat Enterprise Linux) ndipo mukufuna kuti iziika yokha ma label a SELinux pa mafayilo (SELinux ndi chitetezo cha mu Linux chimene chimayang'ana ma label amenewa kuti chilole kapena kukaniza pulogalamu kukhudza fayilo), library ya libselinux ndiye chida chake, ndipo ine ndaikonda ndithu ngakhale ili ndi tizovuta take.

Zophweka ndi function ya setfilecon, mumangoipatsa dzina la fayilo ndi label ngati system_u:object_r:httpd_sys_content_t:s0 basi yakhala, imakalembedwa mu xattr (malo osungiramo zinthu zoonjezera zokhudza fayilo) yotchedwa security.selinux. Pa symlink (fayilo yongolozera ku fayilo ina) gwiritsani lsetfilecon, chifukwa setfilecon imatsata link nkukasintha fayilo ina. Koma vuto lake, label yoika chonchi imatha kufufutika tsiku lomwe wina wapanga restorecon (command yobwezeretsa ma label mwakale), chifukwa policy, kutanthauza malamulo a SELinux, siikudziwa kalikonse za zomwe mwapangazo, ndiye bola kuilembetsa kaye label mu policy ndi command ya semanage fcontext kenako pulogalamu yanu izingoitana selinux_restorecon (yoika label yoyenera) kapena selabel_lookup (yofunsa kuti label yoyenera ndi iti), osamalemba label pamutu mu code ayi.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi setfscreatecon, fayilo imabadwa ili kale ndi label yoyenera, palibe kampata koti ikhale ndi yolakwika. Mungokumbukira kuibweza ku NULL mukatha, apo ayi mafayilo onse otsatira atenga yomweyo.

Chondinyansa ndi ma error. SELinux ikakana, mumangouzidwa kuti Permission denied olo muli root (admin wamkulu wa Linux), mpaka mukafufuze nokha mu audit.log (fayilo yomwe mumalembedwa zokanidwazo) ndi command ya ausearch kuti muone ngati chasowa ndi chilolezo cha relabelfrom (kuchotsa label yakale) kapena relabelto (kuika yatsopano). Ma man page (malangizo a kagwiritsidwe ntchito) nawonso ndi ouma zedi, zitsanzo zochepa. Komanso matchpathcon, function ina yofunsira label yoyenera, isiyeni, inakalamba. A Python musadandaule, ma binding oitanira libselinux kuchokera mu Python alipo ndipo amagwira bwinobwino.