Makhoti a Kadhi ku Kenya: amathandiza pa chisudzulo, amafooka pa nkhani za ana

Makhoti a Kadhi (woweruza wa malamulo a Chisilamu) ku Kenya si bwalo la shehe la pa mzikiti ayi. Ndi makhoti a boma, okhazikitsidwa mu ndime 170 ya malamulo aakulu a dzikolo a 2010, ndipo lamulo lowayendetsa ndi la 1967. Amaweruza nkhani za ukwati, chisudzulo ndi chuma cha masiye pokhapokha mbali zonse zikakhala Asilamu ndipo zavomera kuweruzidwa kumeneko. Wosakhutira amachita apilo ku High Court.

Pomwe ayenera kuyamikiridwa ndi pa chisudzulo chopemphedwa ndi mkazi. Mwamuna amatha kupereka talaka (mawu osudzula mkazi) yekha, koma mkazi ali ndi njira ziwiri. Pa khula, amabweza mahari (mphatso ya ukwati yomwe mwamuna anamupatsa) kuti amasulidwe. Pa faskh, Kadhi mwini amathetsa ukwati ngati mwamuna sakupereka chakudya ndi pogona, akuchita nkhanza, kapena anasowa kalekale. Apa mkazi sabweza kanthu, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ena amathamangira khula n'kutaya mahari pomwe mlandu wawo unali wa faskh. Asanathetse banja, Kadhi amayamba wayesa kuyanjanitsa, nthawi zina kudzera mwa munthu mmodzi wa kuchimuna ndi wina wa kuchikazi, ngati ankhoswe. Kukhala ndi loya si kokakamiza, ndipo munthu amatha kudzilankhulira m'Chiswahili.

Wopita kumeneko atenge satifiketi ya ukwati, makalata a kubadwa a ana ndi mboni. Nikah (ukwati wa Chisilamu) yosalembetsa imachedwetsa zonse, chifukwa muyamba mwatsimikizira kaye kuti ukwatiwo unalipo. Tsiku lomwe talaka inaperekedwa lidziwike bwino, popeza eda (nthawi yomwe mkazi amadikira asanakwatiwenso) imawerengedwa kuchokera pamenepo: nyengo zitatu za kumwezi, miyezi itatu kwa amene sasamba, ndipo woyembekezera mpaka atabereka. Pa talaka yoyamba kapena yachiwiri mwamuna ayenera kumudyetsabe mkazi ndi kumupatsa pogona mpaka eda itatha.

Pa ana mpomwe pali vuto. M'chiphunzitso cha Shafi'i, chomwe Asilamu ambiri a kugombe la Kenya amatsata monganso ambiri a ku Malawi, mayi amasunga mwana mpaka atazindikira, cha m'ma zaka 7, kenako mwanayo amasankha. Mayi akakwatiwa ndi mwamuna wina wosakhala wachibale wa mwanayo, ufuluwo umatha. Koma ndime 170 sitchula za kusunga ana, ndipo dzikolo lili ndi khoti la ana loyendera Children Act ya 2022, lomwe limayang'ana ubwino wa mwana basi. Majaji a High Court akhala akusiyana maganizo ngati Kadhi ali ndi mphamvu pa nkhaniyi. Ndiye chigamulo cha Kadhi chikhoza kugwetsedwa pa apilo, mayi n'kuyambiranso pomwe ana akufunika fizi. Nkhani ya ana ikakhala yolimbirana, kuli bwino kupita nayo ku khoti la ana kuyambira pachiyambi.

M'malamulo a Chisilamu, ndalama zosamalira ana ndi udindo wa bambo, kaya anawo akukhala ndi ndani. Chovuta n'kuzitolera. Wa pa ntchito yolipidwa pamwezi savuta kumutsata, koma wa bizinesi amabisa zomwe amapeza. Sungani malisiti a fizi, lendi ndi a kuchipatala, komanso mauthenga a M-Pesa (njira yotumizira ndalama pa foni) osonyeza zomwe ankatumiza kale, chifukwa Kadhi amayika chiwerengero potengera umboni wotere.