Kudya osabukitsa pa Likoma: ndemanga ya banja la ku Matawale

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu kwa timalo todyera tating'onoting'ono ta pafupi ndi msika wa ku Mbamba pa chilumba cha Likoma, makamaka kamodzi ka mayi wina wachikulire komwe tinkadya nkhomaliro pafupifupi tsiku lililonse. Pakhomo pake palibe chikwangwani, pa mapu a pa foni sikaoneka, ndipo nambala yoti muyimbe kuti akusungireni tebulo kulibe. Mumangofika, n'kusamba m'manja, n'kudya zomwe zilipo. Chakudyacho n'chabwino kwambiri ndipo mtengo wake ndi wa munthu wamba, koma muyenera kutsata nthawi ya mwini mphika, osati ya mimba yanu.

Tinapita ine, bambo a kunyumba, ana athu awiri ndi apongozi anga aakazi. Apongoziwo ndi a Anglican a ku Malosa, ndipo kuyambira kale ankalakalaka atakapemphera m'tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene amishoni a Anglican a bungwe la UMCA anayamba kumanga mu 1903. Kuchoka kuno ku Zomba tinadzera ku Liwonde ndi ku Mangochi mpaka ku Monkey Bay, komwe tinakwera Ilala, sitima ija yakhala ikuyenda pa nyanja yathuyi kuyambira 1951. Pofika pa chilumba, mayendedwe ndi pogona zinali zitadya kale gawo lalikulu la ndalama zathu. Malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja amaphika bwino, koma ambiri amafuna kuti munene m'mawa ngati mudzadye madzulo, ndipo mitengo yawo ena amaiwerengera m'madola. Anthu asanu kudya motero katatu pa tsiku, pa malipiro a uphunzitsi, ayi ndithu.

Kupeza podyera sikunavute. Tinafunsa mnyamata wa kabaza ya njinga yamoto kuti iye amadya kuti, osati kuti alendo amadya kuti, chifukwa funso lachiwirili yankho lake ndi loji basi. Anatilozera kuseri kwa timagolosale, komwe kunkatuluka utsi. Chizindikiro china n'chakuti nthawi ya nkhomaliro ikakwana, ogwira ntchito m'maofesi a boma, aphunzitsi ndi anthu ochokera ku chipatala cha St Peter's amalowera mbali imodzi. Atsatireni. Chilumbachi n'chaching'ono, pafupifupi masikweya kilomita 18, ndipo pa kalembera wa 2018 boma lonse la Likoma, kuphatikizapo Chizumulu, linali ndi anthu osafika 15,000. Aliyense amadziwa yemwe amaphika bwino, ndipo Chinyanja chawo, ngakhale chimamveka mosiyanako ndi chathu, tinkamvana popanda vuto.

Kanyumbako n'ka njerwa, kofolera ndi malata, m'kati muli matebulo atatu ndi mabenchi, ndipo panja pali benchi ina pamthunzi. Tsiku loyamba ndinafunsa kuti, "Mayi, muli ndi ndiwo zanji lero?" Anandiyang'ana, n'kuyang'ana apongozi, kenako anati, "Agogowa akhale kaye pansi, mwana wanga. Lero kuli utaka ndi nyemba." Anatuma mtsikana kubweretsa beseni ndi jagi ya madzi ofunda, ndipo mtsikanayo anagwada posambitsa apongozi m'manja. Nyenyezi imodzi mwa zinayizo inapezeka pomwepo, chakudya chisanafike n'komwe.

Tsono nsomba. Ife a ku Zomba tinakulira matemba, makumba ndi milamba ya ku Chilwa, zambiri zake zouma kapena zowamba, zobwera pa njinga kuchokera ku Kachulu. Utaka umene wavuulidwa m'mawa womwewo ndi nkhani ina. Mayiwo amaukazinga pang'ono, kenako amauphika ndi tomato ndi anyezi, mchere basi, popanda zokometsera za m'mapaketi. Msuzi wake ndi wochepa koma wolemera, woti mtanda umodzi wa nsima sukukwanirani. Tsiku lina tinapeza usipa wauwisi, tsiku lina mcheni, ndipo kampango tinamudya titachita kuuziratu. Kampangoyo anali wonona, wodulidwa mapisi akuluakulu, ndipo bambo a kunyumba, amene nthawi zonse amati nsomba yopanda mamba sakhuta nayo, anapempha mutu kuti aumalize okha. Amene mukupita ndi mtima wa chambo, dziwani kuti chambo chimachuluka kumwera kwa nyanja, cha ku Mangochi, ndipo pa Likoma mbale ya tsiku ndi tsiku ndi utaka ndi usipa.

Chomwe chimapezeka m'mbale chimalamulidwa ndi nyanja, ndipo pamenepa m'pofunika kumvetsa musanayambe kudandaula. Usipa amaupha usiku, asodzi atayatsa nyali kuti nsombazo zisonkhane, kenako n'kuzizinga ndi ukonde wotchedwa chilimira. Mwezi ukamawala kwambiri nyalizo sizikoka nsomba mokwanira, ndiye usipa umachepa ndipo mtengo umakwera. Mwera ukamawomba, makamaka m'miyezi yozizira ya June ndi July mpaka August, asodzi ambiri salowa m'madzi. Tsiku lina mphepo inawomba usiku wonse, ndipo masana ake mayiwo anali ndi nyemba, mazira ndi usipa wouma basi. Sanabise kapena kutinamiza kuti dikirani pang'ono nsomba ikubwera. Anangoti, "Nyanja yakana lero," ndipo nyembazo zinali zofewa bwino, zopanda madzi ambiri. Ngati mungathe kusankha nthawi ya ulendo, sankhani masiku a mdima, mwezi usanakule, ndiponso kunja kwa nyengo ya mwera.

Nsima ya pa chilumbachi ndi kondowole. Dothi la pa Likoma ndi la mchenga ndi miyala, chimanga sichichita bwino, koma chinangwa chimapirira. Amachiviika m'madzi masiku angapo kuti chiwawo chichoke, n'kuchiyanika, n'kuchisinja. Nsima yake ndi yonanda, yokoka, ili ndi kafungo kakekake, ndipo imakhala m'mimba nthawi yaitali. Mwana wathu wamkulu anaikonda kuyambira tsiku loyamba. Wamng'ono anaigwira, n'kuona kuti ikumata zala, n'kuyamba kulira kuti akufuna nsima yeniyeni, moti anthu a patebulo linalo anaseka mpaka kutsamwa. Mayiwo amaphikanso ya ufa woyera ndi mpunga, koma ufawo umachita kubwera pa sitima, ndiye mbale yake imakwererapo pang'ono ndipo imatha msanga. Ine maganizo anga ndi akuti kondowole ndi nsomba yauwisi zinalengedwera pamodzi, ndipo mukawonjeza chigwada chotendera, chimene mayiwo amasinja bwino mpaka osamva mitsitsi ya masamba, mwadya chakudya chomwe simungachipeze m'resitilanti iliyonse ya mumzinda wa Zomba. Apongozi okha ndi amene anakana kugonja. Anadya kondowole kamodzi mwaulemu, kenako anabwerera ku mpunga.

Nthawi ndiyo nkhani yaikulu. Chakudya chimapsa cha m'ma 12 koloko, ndipo ikamakwana 2 koloko miphika imakhala itatsukidwa. Mayiwo amaphika moyeza anthu amene amawadziwa kuti abwera, chifukwa nsomba yotsala siyingadikire mawa pamalo otentha chonchija, komanso nkhuni zimene amaphikira n'zogula, zambiri zimachokera kutsidya ku Mozambique pa mabwato. Ndiye ngati mwapita kukasambira kapena kukaona mitengo ya malambe kumpoto kwa chilumba n'kubwera cha m'ma 3 koloko, mupeza benchi yokha. Chomwe chinatithandiza n'kudutsa pakhomopo m'mawa, popita kokayenda, n'kunena kuti tibwera anthu asanu. Salemba paliponse, salipiritsa kalikonse, amangowonjezera ufa. Chamadzulo saphika pokhapokha mutawauza masana n'kusiyako ndalama yogulira ndiwo. Mukapanda kutero, chotsala ndi chipisi cha pachiwaya ndi kanyenya pafupi ndi malo omwera mowa, zomwe kwa anyamata zili bwino, koma si malo opita ndi apongozi.

Masiku a sitima amasinthanso zinthu. Ilala ikafika, pa Mbamba pamadzaza anthu otsika, okwera, onyamula katundu ndi odikira abale, ndipo timalo todyera timatha chakudya mofulumira kuposa masiku onse. Tsiku lotsatira ndiye labwino koposa, chifukwa tomato, anyezi, kabichi, mafuta ophikira ndi zakumwa zimakhala zangofika kumene. Pakapita masiku sitima kapena boti la ku Nkhata Bay lisanabwere, mumaona tomato akuchepa mu msuzi.

Chinthu chomwe ndinachikonda kuposa zonse n'chakuti mukhoza kugula nokha nsomba kugombe m'mawa, asodzi akamatuluka, n'kukawapatsa mayiwo kuti akuphikireni, inu n'kulipira nsima ndi ntchito yophika. Bambo a kunyumba anazolowera kulawira kugombe, ndipo ankabwerako atanyadira ngati agwira okha. Tinali titanyamulanso mbatatesi, anyezi ndi tsabola wa kambuzi kuchokera mu msika wa Zomba. Mbatatesizo mayiwo anakazingira ana athu, ndipo kambuzi wotsala tinawasiyira, chifukwa makasitomala ena anali atayamba kale kumupempha patebulo pathu.

Pa mtengo, mbale ya kondowole ndi utaka inali yofanana ndi yomwe timalipira m'timalo todyera ta kuseri kwa depoti ya Zomba, koma nsomba ya pa Likoma inali yaikulu kuposa ya ku Zomba. Chomwe chimadula ndi chilichonse chobwera pa sitima, monga zakumwa za m'botolo, madzi ogula, shuga ndi buledi. Nyamulani ndalama za m'manja, ndiponso zing'onozing'ono. Mayiwo amalandira ndalama za pa foni kudzera pa nambala ya mwana wawo, koma netiweki ikagwa mumakhala pa benchi kudikira, ndipo chenji cha K5,000 chimachita kukafunidwa ku golosale.

Nyenyezi yachisanu yagwera pa zinthu zingapo, ndipo sindizichepetsa. Chimbudzi chili kutali ndi kanyumbako, n'chogwiritsa ntchito anthu ambiri, ndipo chitseko chake n'chongogwirizira ndi mwala. Kwa munthu wachikulire wovutika mawondo, limeneli ndi vuto lenileni. Ntchentche zimachuluka nsomba ikamakonzedwa, ngakhale kuti chakudya chimabwera chovundikira ndipo mbale zimakhala zoyera. Madzi akumwa a mu ndowa sitinawapatse ana, tinkanyamula athu. Zakumwa nthawi zambiri zinali zosazizira. Ndipo tsiku la kampango lija tinadikira kupitirira ola, ngakhale tinali titanena m'mawa, chifukwa mbaula ndi ziwiri zokha ndipo anayamba ndi nsima ya anthu othamangira ku ntchito. Kwa ife kudikirako kukanakhala kocheza chabe, koma apongozi ali ndi matenda a shuga ndipo amayenera kudya pa nthawi yake. Mayiwo ataona kuti agogo ayamba kutuluka thukuta, anawapatsa chinangwa chophika ndi tiyi kuti agwirizire, osawerengera pa bilu. Anachita bwino, komabe amene mukuyenda ndi wodwala shuga kapena mwana wamng'ono, musadalire mphika wa munthu wina. Muziyenda ndi nthochi, mtedza kapena mabisiketi m'chikwama.

Lamulungu ndi tsiku lina loti mulikonzekere. Anthu ambiri pa Likoma ndi a Anglican, mapemphero a ku St Peter's amatenga nthawi, ndipo ophikawo nawonso amakhala m'tchalitchi momwemo atavala zoyera. Tinatuluka m'mapemphero apongozi akupukuta misozi ya chimwemwe, ana akulira njala, ndipo pa msika panali zii. Tinapulumukira mandasi ndi zitumbuwa za mtsikana wina wa m'mbali mwa msewu mpaka moto utayatsidwa masana ndithu. Gulani buledi ndi mazira Loweruka.

Kadzutsa sindinenapo zambiri. Pa msika pamapezeka tiyi, mandasi, ndi chinangwa kapena mbatata yophika, zotentha bwino mukalawira.

Malo amenewa ndi oyenera banja kapena gulu la kumpingo lomwe likufuna kuona Likoma popanda kugulitsa mbuzi zonse za pakhomo, anthu odya nsima ndi manja osafunsa foloko. Amene mukufuna mndandanda wa zakudya woti musankhepo, tebulo loyang'ana kunyanja dzuwa likamalowa, kapena chakudya cha 8 koloko usiku, bukitsani pa loji ndipo mukalipire mosadandaula, chifukwa zimenezo kuseri kwa msika kulibe. Gulu loposa anthu khumi liwauze mayiwo dzulo lake, apo ayi mudzadya mosinthana, popeza mbale ndi mabenchi sizingakwane.

Tsiku lonyamuka tinawapempha kuti atikonzere kamba wa pa sitima. Anatikazingira usipa mpaka kuuma kuti usawonongeke, n'kutiphikira mpunga, ife n'kuika m'makontena athu. Pitani ndi makontena anuanu okhala ndi zivundikiro zolimba, chifukwa iwo alibe zotengeramo kupatula timapepala ta pulasitiki, ndipo pokwera sitima katundu amapanikizana kwambiri.